Thiraki ndi yatsopano, inde, koma msomali sudziwa zimenezo

Anzathu amalonda ndi inu madalaivala, tiyeni tikambe za matayala, ndipo tikambe mosanyengererana. Munthu akangotulutsa thiraki yatsopano, sipatenga miyezi iwiri funso ili lisanamupeze: tayala laponcha, kodi timate kapena tigule lina? Mayankho amene timawamva m'mabodamu, tikamadikira mapepala pa Mwanza kapena pa Nyamapanda, amakhala awiri okha. Ena amati, "Galimoto yatsopano siyendera chigamba, litayeni mugule lina." Ena amati, "Ndalama zake ziti? Bayanipo kachingwe, mupope, tizipita." Ife tikuti magulu onse awiriwa akulakwitsa. Oyambawo amatayitsa ndalama, achiwiriwo amaphetsa anthu. Ndipo tinene poyera kuti ifenso takhalapo m'gulu lachiwirili, n'chifukwa chake nkhaniyi imatiwawa.

Msewu wa Blantyre kukafika ku Johannesburg tauyenda zaka zoposa 15. Tinayamba ndi zikwama zapabasi, kenako tinkalipira malo m'mathiraki a anzathu, kenako tinagula lole yakale yomwe inatiphunzitsa zowawa. Chaka chatha, titasonkherana ndi alamu athu n'kuwonjezera ngongole ya kubanki, tinatulutsa thiraki yatsopano ya matayala khumi, mapulasitiki akadali pamipando. Ulendo wachitatu, mwezi wa Okutobala, titawoloka mlatho wa Kassuende ku Tete n'kulowera njira ya ku Changara, adalaivala athu anaima kuti ayendere matayala monga amachitira nthawi zonse. Ndi bambo wachikulire wa ku Ntcheu, wosalankhula zambiri. Anagwada pa tayala lakutsogolo la kumanzere n'kutiitana: "Bwana, tabwerani mudzamve." Linkalira pang'onopang'ono, tsiii, mutu wa msomali ukuoneka pakati pa mano. Geji inaonetsa 7.8, pomwe m'mawa tinapopa 8.5.

Pasanathe mphindi zisanu anatulukira mnyamata ndi kachikwama ka zida. "Achimwene, ntchito yaing'ono iyi. Mphindi khumi basi, osamasula ngakhale nati imodzi." Tinaimbira alamu athu ku Blantyre. Iwo anakuwa pafoni: "Galimoto yatsopano imeneyo! Bwererani ku Tete mukagule tayala lina, zigamba ayi!" Ife maso anali pa wotchi, dzuwa la ku Tete likuwotcha ngati ng'anjo, maganizo ali pa mzere wa pa Cuchamano. Tinati, "Madala, msiyeni mwanayu abaye, tidzaona kutsogolo." Adalaivala anadzuka, kupukuta manja, nati, "Bwana, galimoto ndi yanu, katundu ndi wanu. Koma miyendo imene ili pamwamba pa tayala limeneli ndi yanga. Timange sipeya." Tinamanga sipeya. Zinatidyera nthawi yoposa ola, tinafika pa boda mzere utatalika, tinagona pomwepo, ndipo usiku umenewo sitinawalankhule bwino.

Ku Harare tinalowa pamalo pokonzera matayala a mathiraki. Analichotsa pa rimu n'kuunika m'kati ndi tochi. Bowo linali pakati penipeni pa mano, laling'ono, msomali unalowa molunjika, m'kati monse munali mosalala. Analimata ndi chigamba cha kabowa. Ndalama imene tinalipira sinafike ngakhale ya dizilo wa pakati pa Harare ndi Chivhu. Alamu athu akanatitayitsa ndalama popanda chifukwa, ife tikanamangirira miyoyo ya anthu pa kachingwe. Amene anaganiza bwino tsiku limenelo ndi munthu amene dzina lake silili pa mapepala a ngongole.

Chimene chimaweruza mlandu wa tayala si msinkhu wa thiraki. Ndi bowolo: lili pati, ndi lalikulu bwanji, ndipo tayala layenda mtunda wautali bwanji mpweya uli wochepa. Zitatuzi palibe angazidziwe tayala likadali pa rimu. Kaya ndi makaniko wa zaka 30 pantchito, kaya ndi dalaivala woti anafika ku Kasumbalesa ndi ku Durban, maso ake salowa m'kati mwa mphira. Aliyense wokuuzani kuti "ili ndi lomata" kapena "ili ndi lotaya" asanalimasule, akuwombeza maula.

Tiyambe ndi kachingwe, chifukwa ndi kamene kakutimaliza. Tayala la thiraki si mphira yokhayokha ayi. Muli mawaya achitsulo oyalidwa m'magawo, ndipo m'kati mwenimweni muli kachikopa kopyapyala ka mphira kamene kamagwira ntchito ya chubu, kosunga mpweya. Msomali ukalowa umaboola zonsezi. Kachingwe kamalowetsedwa kuchokera kunja, kamadzaza bowo, kulira kwa mpweya kumasiya, aliyense n'kumasekerera. Koma kachikopa kam'kati kaja sikanamatidwe. Mpweya umayamba kusochera pakati pa mawaya ndi mphira, n'kumazilekanitsa pang'onopang'ono. Dzinja likafika madzi amalowa m'mbali mwa kachingweko, mawaya amachita dzimbiri. Kunja tayala likuoneka lokongola, mano onse alipo, apolisi akuliyang'ana n'kukuuzani kuti pitani. Ndiye tsiku lina masana, phula litatentha, lodi ili yodzaza, muli pa 80, limangoti phuu!

Zingwe zimenezi n'za magalimoto ang'onoang'ono, amene timapopa 2.2 kapena 2.5, ndiponso kumeneko n'zongomufikitsa munthu kwa okonza. Tayala la 315/80R22.5 limapopedwa kupitirira 8 bar, kuwirikiza katatu ndi kuposerapo. Onani manambala olembedwa m'mbali mwake, 156/150. Tanthauzo lake n'lakuti likakhala lokha limasenza makilogalamu 4,000, likakhala ndi linzake 3,350. Kutsogolo lilibe linzake. Matani anayi amenewo ndi matumba 80 a chimanga pa tayala limodzi, ndiye inu mukuti kachingwe kofanana ndi ka nsapato kagwire zimenezo kuchokera ku Tete mpaka ku Musina?

Komanso msomali wautali sulowa molunjika nthawi zonse. Umatha kulowa mopendekeka, nsonga yake n'kumakanda nthiti za tayala m'kati ulendo uliwonse likazungulira. Wobaya kachingwe amazula msomali, n'kutseka pakhomo, chilonda chenicheni chili m'nyumba osachiona.

Palinso ena amene amamasula tayala ndithu, koma n'kungomata chigamba m'kati, nthawi zina chodula ku chubu chakale, bowo n'kulisiya lotsegula kunja. Mpweya sutuluka, zoona, koma madzi ndi dothi zikulowabe mpaka pamawaya. Kumata koyenera n'kutseka zonse ziwiri, bowo ndi kachikopa kam'kati. Ndiyo ntchito ya kabowa: chigamba chokhala ndi katsinde pakati. Wokonza amaboola bowolo ndi makina kutsatira mmene msomali unalowera kuti achotse mawaya oduka, amapala kachikopa mozungulira, amapukuta, amapaka guluu n'kudikira kuti aume, kenako amakoka katsindeko kuchokera m'kati mpaka katulukire kunja, n'kupsinja chigamba ndi kagudumu kuti pasatsale mpweya. Akapopa amathira madzi a sopo n'kuona ngati pakutuluka thovu. Imani pomwepo muzionerera, musapite kukamwa tiyi. Wodziwa ntchito sakwiya mukamamuyang'ana. Amene amakwiya ndi amene amafuna kupaka guluu n'kumata nthawi yomweyo chifukwa makasitomala ena akudikira.

Malire ake ndi odziwika, opanga matayala anawalemba kalekale. Pa tayala la thiraki, bowo lisapitirire mamilimita 10. Pa magalimoto ang'onoang'ono ndi 6. Likhale pakati pa mano pomwe tayala limaponda pansi, osati paphewa, osati m'nthiti. Nthiti zimapindika ulendo uliwonse tayala likazungulira, chigamba wamba sichikhala pamenepo, ngakhale wokonza alumbire pa manda a agogo ake. Mabowo awiri oyandikana, oti zigamba zingakwerane, ayi. Chilonda chachikulu kuposa pamenepa ndi nkhani ya kufakitale yovekanso matayala, komwe amaphika chigamba ndi makina, ndipo iwonso ambiri amawakana.

Koma chimene chimabisala kwambiri n'chachitatu chija, kuyenda tayala litaphwa. Kutsogolo dalaivala amamva msanga, chiwongolero chimakoka. Kumbuyo, makamaka la m'kati, limatha kuphwa mutangochoka pa Zobue inu n'kudzazindikira pa Moatize, linzake likusenza katundu wa awiri. Mtunda wonsewo nthiti zake zakhala zikupindika mopitirira muyezo, zikutentha, mawaya akutopa n'kumaduka m'kati. Mukalimasula mupeza ufa wakuda ngati makala opera, makwinya m'nthiti, pena fungo la mphira yopsa. Limenelo latha, ngakhale thiraki ikhale ya sabata imodzi ndipo bowo likhale ngati la singano. Lamulo la okonza matayala ndi lakuti tayala limene layenda mpweya uli pansi pa magawo 80 pa 100 a muyezo wake lizitengedwa ngati layenda lophwa. Ngati mumapopa 8.5, malire ndi 6.8. Lathu lija linali pa 7.8, n'chifukwa chake linapulumuka, ndipo linapulumuka chifukwa adalaivala amaima n'kuyeza ndi geji. Kumenya tayala ndi chitsulo n'kumvetsera kulira kwake kumangokuuzani kuti laphweratu kapena ayi. Kusiyanitsa 8.5 ndi 7 khutu silingathe. Ndipo mukapeza limodzi laphwa, linzake lija muliyang'anenso bwino, lavutika nalo.

Apa timvetsetsane, chifukwa pafa anthu. Tayala loti layenda lophwa, mukalipopanso, nthiti zimatha kung'ambika kamodzin'kamodzi ngati zipi ya chikwama, mpweya wonse n'kutulukira pamenepo. Mnyamata amene wagwada pambali pake atagwira paipi sadzuka. M'malo odziwa ntchito amapopera m'khola lachitsulo, paipi yaitali, munthu ataima patali. Kumsewu kulibe khola, choncho chotsani anthu m'mbali mwa tayala, ndipo mukamva kulira kwa thethethe kapena mukaona chotupa, siyani kupopa, liphwetseni. Ana a eni ake amenewa, musamawaike patsogolo chifukwa choti mwawalipira.

Tsopano inu a "tayani mugule lina". Ena mwa inu ndi mantha, ndipo mantha anu ndi abwino kuposa kulimba mtima kwa a kachingwe. Koma ena si mantha ayi, ndi matama, kufuna kuti pa boda azinena kuti bwana uja sayendera zigamba. Matayala a mathiraki amachokera kunja, amagulidwa ndi madola, ndipo tonse tikukumbuka zimene mitengo inachita Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tayala loti layenda maulendo awiri okha, mano akadali atsopano, m'kati muli bwino, mukulitaya chifukwa cha bowo la msomali? Limenelo likamatidwa bwino limayenda mpaka mano kutha, ndipo thupi lake likhoza kukavekedwanso kufakitale. Ngongole ya kubanki siyang'ana kuti muli ndi chigamba kapena mulibe.

Kodi mumaganiza kuti tayala mwalisiyalo limapita kudzala? Wina amaligula motchipa, amabayapo kachingwe, amalipaka polishi, mawa lili pamsika ngati lakale labwino, akugula ndi mnzathu wa lole yakale, n'kulimanga kutsogolo chifukwa mano ake ndi okongola kuposa ena onse. Ngati tayala latha chifukwa cha nthiti, musaligulitse lathunthu. Liduleni m'nthitimo ndi chikwanje, apange nsapato kapena zomwera nkhuku.

Choseketsa n'chakuti ambiri othamangira kugula amagula mopupuluma, pamsewu, lililonse lomwe lapezeka. Amachotsa tayala labwino lomatika n'kumanga la fakitale yosadziwika, manambala a katundu ochepa, lomwe lakhala m'kontena zaka zingapo. Ngati lanu lathadi ndipo mukugula, gulani la saizi yomweyo, manambala a katundu omwewo, mano ofanana. Werengani tsiku lomwe linapangidwa: manambala anayi omalizira pa mzere woyamba ndi DOT, awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka, mwachitsanzo 2423 ndiye sabata ya 24 ya 2023. Kumbuyo, matayala awiri oyandikana asasiyane msinkhu kupitirira mamilimita 6, apo ayi lalitali limasenza katundu wambiri n'kumatentha, lalifupi limakhulika. Apa ndi pokhapo pomwe utsopano wa thiraki umathandiza: matayala ena sanathe, ndiye latsopano limagwirizana nawo bwino, ndipo sipeya yanu ndi yatsopano.

Ena amati, "Tikamata titaya waranti." Werengani mapepala anu. Waranti ya tayala imayang'ana zolakwika za kufakitale, msomali wa pamsewu si wawo. Chimene chingakupwetekeni n'kumata molakwika, chifukwa tayala likadzafufuma iwo akapeza kachingwe m'kati, nkhani yathera pomwepo.

Lamulo lathu ife ndi ili: lomatidwa silibwerera kutsogolo. Tikudziwa kuti alipo odziwa amene amati kabowa komatidwa bwino kakhoza kuyenda paliponse, ndipo sitikuwatsutsa. Koma ife sitingadziwe dzanja la wokonza aliyense kuchokera ku Mwanza mpaka ku Beitbridge, kapena kuti guluu wake wakhala padzuwa miyezi ingati. Lakumbuyo likaphulika mumataya tayala, mwina ndi madigadi, n'kuima pambali. Lakutsogolo likaphulika chiwongolero chimachoka m'manja. Choncho lomatidwa lipite kumbuyo ngati mano ake akufanana ndi a kumeneko, kapena ku ngolo, kapena likhale sipeya. Likakhala sipeya ndipo tsiku lina mwakakamizika kulimanga kutsogolo, likufikitseni pa tauni yotsatira, osati ku Durban.

Tifike tsopano pomwe pali vuto lenileni, ndipo eni magalimoto anzathu mutikhululukire, tikukhudzani. N'chifukwa chiyani dalaivala, amene moyo wake uli pa tayalalo, amavomera kachingwe? Si umbuli. Ndi ife mabwana. Timadula malipiro a dalaivala tayala likaponcha, ngati kuti iye ndi amene anamwaza misomali mumsewu. Timamutumiza ulendo wa makilomita oposa 1,600 ndi ndalama ya chakudya ndi ya pa boda yokha, ya tayala ayi. Akaimba foni kuti laponcha, mawu athu oyamba amakhala, "Mumayendetsa bwanji?" Ndiye munthu ali ndi ana kusukulu, achite chiyani? Amabaya kachingwe ndi ndalama ya m'thumba mwake, n'kukhala chete.

Zinatichitikira ndi lole yathu yakale ija. Tinali ndi dalaivala wachinyamata, ndipo ulendo wina tinamudula ndalama ya tayala lomwe linang'ambika pa dzenje. Analandira malipiro otsalawo osanena kanthu. Patapita miyezi, akupita ku Johannesburg ndi mpunga wa Kilombero ndi nyemba, tayala lakutsogolo linaphulika pakati pa Masvingo ndi Ngundu. Lole inasiya msewu n'kukagona cham'mbali m'ngalande. Dalaivala anathyoka mkono. Mnyamata wathu wapalole, amene anali atagona pampando, amatsimphina mpaka lero. Mpunga theka unatoledwa ndi odutsa. Titatola zidutswa za tayala tinapezamo kachingwe, mawaya ozungulira ali ofiira ndi dzimbiri. Kuchipatala tinamufunsa, "Aphwanga, bwanji simunanene?" Anatiyang'ana nati, "Bwana, ndikananena mukanandidulanso." Tinalibe yankho. Ndalama imene tinamudula ija sinakwane ngakhale yolipira galimoto yokoka lole kuchotsa m'ngalande.

Kuyambira pamenepo msomali ndi wa mwini galimoto. Walira mvula walira matope: wagula thiraki, wagulanso maponchi ake. Dalaivala amanyamuka ndi envelopu ya matayala, muli mameticais, madola ndi marandi, chifukwa wokonza wa ku Changara salandira Kwacha ndipo simudzamutumizira ndalama pafoni pomwe netiweki kulibe. Ikabwerera yosagwiritsidwa ntchito, tithokoze Mulungu. Ndipo tivomereze kuti ngakhale titaona zonsezi, pa Tete paja ife tomwe tinati abaye. Dzuwa, wotchi ndi ngongole zikakugwira pamodzi, nzeru zimathawa. N'chifukwa chake lamuloli liyenera kukambidwa galimoto isananyamuke, ndipo dalaivala apatsidwe mphamvu yokana ngakhale bwana ali pampando womwewo.

Madalaivala, musaombe m'manja msanga, nanunso muli ndi mlandu. Mabwana sanayambe kukayika popanda chifukwa. Alipo anzanu amene amagulitsa sipeya yatsopano n'kumangapo yakutha, amene amabwera ndi risiti ya tayala latsopano pomwe anangomata, amene amanena kuti laphulika pomwe lasinthidwa ndi mowa. Amenewo ndi amene akuchititsa kuti inu achilungamo muzidulidwa. Mankhwala ake si ovuta masiku ano. Matayala ambiri a mathiraki ali ndi nambala zawozawo m'mbali, zilembedwe zonse m'kope tsiku lomwe thiraki yatuluka, bwana akhale ndi tsamba lake, dalaivala lake. Likaponcha, jambulani msomali usanazulidwe, jambulani geji, jambulani m'kati atalimasula, tumizani pa WhatsApp. Bwana woti waona zithunzi zitatuzi n'kudulabe malipiro, ameneyo musiyeni, adzakuphetsani.

Ndi inu anzathu olipira malo a katundu, amene mumakwera nawo kutsogolo kapena kuimba foni mphindi iliyonse: lekani kukakamiza dalaivala. "Madala, tichedwa pa boda." "Madala, kasitomala akudikira." "Madala, usipa wanga uwonongeka." Ola limodzi lomanga sipeya silinagwetsepo geni ya munthu. Katundu wanu yemweyo ali pamwamba pa matayala omwewo, ndipo ambiri a inu mulibe inshuwalansi ya katunduyo. Dalaivala akati timange sipeya, tsikani, ikani matirayango, thandizani kunyamula jeke.

Tisanamizane kuti msewu ndi ofesi. Pali malo oti simungaime nthawi yaitali, usiku, pathengo, poti mukangotsika anthu akutulukira m'tchire. Pali tsiku loti matayala awiri aponcha, sipeya ili imodzi. Pamenepo kachingwe kali ndi ntchito, ndipo ifenso timayenda nako m'bokosi la zida. Koma kakhale pa tayala lakumbuyo, muyende pang'onopang'ono, mulembe chizindikiro ndi choko kapena penti pomwe mwabaya, ndipo pa tauni yoyamba yomwe pali okonza limasulidwe. Vuto la kachingwe n'lakuti kakagwira tsiku loyamba, munthu amaiwala. Ngati lomwe laponcha ndi lakutsogolo ndipo sipeya yagwira kale ntchito, chotsani labwino kumbuyo mumange kutsogolo, lobayidwalo lipite kumbuyo. Ndi ntchito yotopetsa, tikudziwa. Ndipo mukasintha tayala lililonse, imani mutayenda makilomita 50 mpaka 100 mumangenso manati, amakhala atamasuka pang'ono, makamaka pa marimu atsopano omwe penti yake sinakhulike.

Kwa achimwene athu omata matayala m'mbali mwa msewu, pa Zobue, pa Changara, pa Mutoko, pa Rutenga: sitikukulandani nsima. Mwatipulumutsapo nthawi zambiri pomwe panalibe wina. Tikudziwanso kuti ndife tomwe timakuuzani kuti "changu, changu" n'kukana kulipira ya kumasula tayala. Koma amene adzayambe kutiuza kuti "ili sindimata, onani ufa uwu" ndi amene tidzamutumizire anzathu onse. Zigamba za kabowa zimagulitsidwa m'mabokosi ku Johannesburg ndi ku Harare, sizilemera, sizitenga malo. Ife tayamba kuyenda nazo zathu pamodzi ndi kachitini ka guluu wosatsegula, wokonza akakhala alibe timamupatsa, n'kumulipira ya ntchito yonse. Tayala lija la ku Tete mano ake ankafanana ndi akumbuyo, ndiye lili kumbuyo kumanja, la kunja, pomwe timaliona tsiku lililonse, ndipo geji sinasunthe. Alamu athu akamayendera galimoto amaima pamenepo n'kuligogoda ndi nsapato, mpaka lero sanakhulupirire.